Kodi ndigule mafyuluta atatu a 7nm kapena awiri a 3nm pojambula ma nebula?

Kachere_Jozi

Akuluakulu, ndikupempha nzeru kwa inu amene munayamba kale kujambula ma nebula, mitambo ya mpweya ndi fumbi ya kutali mumlengalenga. Ndimakhala ku Johannesburg, kumene magetsi a mumzinda amayeretsa thambo usiku wonse, ndipo ndili ndi telesikopu yaing'ono ya f/6 (nambalayi ikachepa, telesikopu imasonkhanitsa kuwala mofulumira) ndi kamera ya mono, yojambula zakuda ndi zoyera zokha. Ndalama zanga zingakwane mafyuluta atatu a 7nm, amene ndi H-alpha, OIII ndi SII, kapena awiri okha a 3nm (nm ndi nanomita, ndipo manambalawa amasonyeza kutakasuka kwa gawo la kuwala limene fyuluta imalola). Cholinga changa ndi kujambula ma nebula a Carina ndi Tarantula m'mitundu ija ya golide ndi buluu imene amati Hubble palette. Ndilowere kuti?

MlondaWaUsiku

Achimwene, ine ndikanakhala inu ndikanagula H-alpha ndi OIII, n'kusiya SII kuti idzabwere m'tsogolo. Fyuluta iliyonse mwa atatuwa imalola makamaka kuwala kochokera ku mpweya umodzi: haidirojeni (H-alpha) amawala pa 656.3nm, okosijeni (OIII) pa 500.7nm, ndipo sulufule (SII) pafupi ndi 672nm. Pa ma nebula ambiri kuwala kwa haidirojeni ndiko kwamphamvu koposa, pamene kwa sulufule n'kofooka kwambiri, moti mukhoza kujambula usiku wathunthu ndi SII n'kungopeza chithunzi chofanana ndi cha H-alpha, koma chozimirira ndi chodzaza timadontho.

Pa nkhani ya 3nm ndi 7nm, kumbukirani kuti kuwala kwa nebula kumadutsa pafupifupi mofanana m'zonse ziwiri, koma kuwala kwa mzinda kumene 3nm imalola sikufika ngakhale theka la kumene 7nm imalola. Phindu limeneli limaoneka kwambiri pa OIII, chifukwa mwezi ndi magetsi a LED zimaononga mbali ya buluu ndi yobiriwira kuposa yofiira. Ndiye ngati thumba lavuta, ikani ndalama zambiri pa OIII ya 3nm, ndipo H-alpha ikhoza kukhala ya 5nm kapena 7nm popanda kudandaula. H-alpha yotakasukirapo ili ndi ubwino wake, popeza imalolanso kuwala kwa naitirojeni pa 658.4nm, kumene 3nm imadula kwambiri, ndipo kuwala kumeneko n'kochuluka mu ma nebula ngati Helix. Telesikopu yanu ya f/6 ilibe vuto ndi 3nm. Amene amavutika ndi amene ali ndi matelesikopu a f/2, chifukwa kuwala kukafika pa fyuluta mopendekeka, malire ake amasunthira ku mbali ya buluu.

Mafyuluta awiriwa amakupatsani palette ya HOO: haidirojeni mumamuika pa mtundu wofiira, okosijeni pa wobiriwira ndi pa buluu. Tarantula, imene ili mu Large Magellanic Cloud, ili ndi okosijeni wochuluka, ndipo imatuluka mokongola zedi mwa njira imeneyi.

MayiChiwale

Ndikugwirizana ndi zambiri zimene anzathu anena, koma pa Carina ndikusiyana nawo pang'ono. Carina ndi yowala kwambiri, ndipo SII yake si yofooka ngati ya ma nebula ena. Amene anaijambulapo ndi mafyuluta onse atatu amadziwa mmene m'mphepete mwa mizere yakuda ya fumbi mumasandukira mofiirira ngati njerwa yootcha, pamene chapakati, pafupi ndi nyenyezi ya Eta Carinae, pamakhala buluu. Zimenezo HOO singakuonetseni bwino, chifukwa imangokupatsani mitundu iwiri.

Pali anthu amene amanyoza SHO, imene ndi Hubble palette ija ya mafyuluta onse atatu, ponena kuti mitundu yake ndi yabodza, ndipo mawu amenewa amandipweteka. Chithunzi cha Pillars of Creation cha mu Eagle Nebula, chimene Jeff Hester ndi Paul Scowen anajambula ndi telesikopu ya Hubble mu 1995, chinaika sulufule pa kufiira, haidirojeni pa kubiriwira ndi okosijeni pa buluu pa chifukwa chomveka: sulufule ndi haidirojeni onse ndi ofiira m'maso mwa munthu, ndiye popanda kuwapatsa mitundu yosiyana simungadziwe kuti uyu ali pati ndipo uyo ali pati. Choncho ngati mtima wanu uli pa Carina, atatu a 7nm si chisankho cholakwika, bola OIII muziijambula mwezi ukalowa.

Kachere_Jozi

Zikomo kwambiri nonse awiri. Mayi, zithunzi zina za SHO zimene ndaona n'zobiriwira paliponse ndipo nyenyezi zake n'zapepo. Kodi vuto limakhala fyuluta?

MayiChiwale

Ayi bambo, fyuluta ilibe mlandu pamenepo. Kubiriwirako kumabwera chifukwa haidirojeni, amene ali pa mtundu wobiriwira, amaposa anzake awiri aja mphamvu. Musanaphatikize zithunzi zitatuzo, kwezani SII ndi OIII kuti zifanane ndi H-alpha, kenako chepetsani kubiriwira ndi SCNR, chida chochotsera kubiriwira chimene chili mu pulogalamu yokonzera zithunzi ya PixInsight komanso mu Siril, pulogalamu yaulere; koma musakuchotse konse, chifukwa pang'ono pokha pamathandiza kuti golide ndi buluu zilumikizane mosadukiza. Nyenyezi zimasanduka zapepo chifukwa pokweza SII ndi OIII mumakweza kufiira ndi buluu kwa nyenyezizo. Zichotseni kaye ndi pulogalamu ya StarNet, konzani nebula payokha, ndipo pomaliza bwezerani nyenyezi zochokera ku HOO kapena ku zithunzi za RGB (kufiira, kubiriwira ndi buluu) zojambulidwa kwa nthawi yochepa ngati muli nazo.