Drive ya Blu-ray ikuchedwa kubena: vuto ndi USB kapena chimbale?

Wamakanema:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe, ndipo makanema onse osadula ndimawasunga pa zimbale za Blu-ray za 100GB zotchedwa BDXL, poti hard drive sindiikhulupirira pa zaka zambiri. Ndagula drive yopyapyala ija yolumikiza ndi chingwe, pabokosi analembapo 6x. Koma chimbale chimodzi chikumatenga ola ndi theka kuti ndithe kuchibena, kutanthauza kuikamo makanemawo. Laputopu yanga ili ndi USB 2.0 yokha. Ndikasintha n'kupeza ya USB 3.0 zifulumira, kapena ndingotaya ndalama?

Mkonzi wa makompyuta:
Achimwene, musathamangire kugula laputopu. Tiyeni tiwerengere limodzi. Pa Blu-ray, 1x ndi 4.5MB pa sekondi, ndiye 6x ndi 27MB. USB 2.0 imakwanitsa pafupifupi 30MB kapena kupitirirako pang'ono, choncho siyo ikukuchedwetsani.

Tayang'anani pachikuto cha chimbalecho. Zimbale zambiri za BD-R XL, zomwe ndi BDXL zosafufutika, analembapo 4x, ndipo drive imatsata liwiro la chimbale, osati la pabokosi lake. 4x ndi 18MB pa sekondi. Mukagawa 100GB ndi 18MB mupeza ola ndi theka lomwe mukulidandaulalo. Drive yanu ili bwinobwino. Mukanagula zofufutika zija, BD-RE XL, zomwe zimayenda pa 2x, bwenzi mukudikira maola atatu.

Mayi wa ku studio:
Zoona zimenezo, koma USB 3.0 musainyoze. Phindu lake kwa inu ndi mphamvu ya magetsi. USB 2.0 imapereka 500mA, pomwe 3.0 imapereka 900mA, ndipo ma drive opyapyalawa amadya magetsi a pachingwe chomwecho. Yanga inkamveka ngati ikupuma movutikira chimbale chili pakati, kenako n'kungoima, chimbale chodula chija n'kuwonongeka. Ndinapeza chingwe cha mitu iwiri cholowa m'mabowo awiri a laputopu, vuto linathera pomwepo. Ndipo chonde musalumikize kudzera pa hub (kachipangizo kochulukitsa mabowo a USB) yopanda magetsi akeake.

Liwiro lenileni lili m'ma drive akuluakulu a SATA olowa m'kati mwa kompyuta, monga LG WH16NS40. Imeneyo imafika 16x, kutanthauza 72MB pa sekondi, apo ndiye USB 2.0 singathe. Koma 16x imeneyo ndi ya zimbale za 25GB zokha. Pa za 100GB muzidikirabe ndithu.

Wamakanema:
Ndayang'ana, palembedwadi 4x. Zikomo kwambiri nonse, mwandipulumutsira ndalama. Chingwe cha mitu iwiricho chinabwera m'bokosi momwemo, ndiyamba kuchigwiritsa ntchito lero.

Mkonzi wa makompyuta:
Chitani zimenezo. Ngati mukubena ndi pulogalamu ya ImgBurn, muzichonga pa Verify kuti iwerengenso chimbale chonse ikamaliza. Zimawonjezera nthawi, inde, koma ukwati wa anthu sujambulidwa kawiri. Batire la laputopu lizikhalanso lodzaza musanayambe, kuopa kuti magetsi angathime chimbale chili pakati.