Zowonjezera pa funso la "kugawana uthenga"

Funso lija linali lakuti: kodi "kugawana uthenga" ndi Chichewa chabwino? Tinayankha kuti chimamveka, koma panatsala mfundo zina.

Kugawana kumachokera ku gawa, kuphatikiza -an- wosonyeza kuchitirana. Poyamba mneniyu ankanena za zinthu zimene aliyense amatengapo gawo lake, monga nyama kapena chuma cha masiye. "Kugawana nzeru" kunazika mizu, koma "kugawana uthenga" kwabwera chifukwa chotsanzira Chingerezi m'misonkhano ndi pa intaneti. Ena pa WhatsApp amangoti kusheya.

Aneni enieni a ntchito yopereka uthenga ndi kuuza, kudziwitsa ndi kufalitsa. Kudziwitsa ndi dziwa wokhala ndi -its-, kutanthauza kuchititsa munthu kudziwa. Kufalitsa nakonso ndi fala ndi -its-. Tsinde (mneni tikachotsa a wakumapeto) likakhala ndi a, i kapena u timaika -its-, likakhala ndi e kapena o timaika -ets-, ngati mu onetsa.

Pamene ambiri amaphonya ndi pa chotsatira mneni. Timadziwitsa munthu, ndipo nkhaniyo imabwera ndi za kapena kuti: "Adziwitseni amfumu za maliro." Timafalitsa nkhani, anthu n'kubwera ndi kwa: "Falitsani uthengawu kwa alimi." Choncho "falitsani alimi" n'kulakwa ndithu.

Kuulutsa, kochokera ku uluka monga tulutsa achokera ku tuluka, kusiyireni wailesi ndi kanema. Mukangopatsira mnzanu uthenga pafoni, kutumiza n'kokwanira.