Ndikuyeza nsima pa sikelo koma shuga wa mwana wanga sakukhazikika, thandizeni

Membala wobisa dzina: Moni nonse. A admin chonde dzina langa lisaoneke, achibale a amuna anga adzaza m'gulu muno. Ndili ndi mwana wamkazi wa zaka 13, anamupeza ndi matenda a shuga chaka chatha atakomoka kusukulu, ndipo kuyambira pamenepo amabaya insulin tsiku lililonse. Kuchipatala anatiuza kuti tizisamala kuchuluka kwa chakudya, koma tsikulo mzere unali wautali moti sindinafunse bwino. Achemwali anga a ku Joni atamva anatitumizira kasikelo ka m'khitchini, ka mabatire, kagalasi pamwamba.

Chiyambireni kukagwiritsa ntchito pakhomo pano palibe mtendere. Apongozi akuti ndikumana mdzukulu wawo chakudya, ndikuyeza nsima ngati nyama ya pa butchala. Ndikapita ku geni amamupatsa mbatata ndi thobwa mobisa. Bambo ake sayankhulapo kanthu, amangoti amayi ndi amayi. Masitiripi oyezera shuga ndimagula ndekha ndi ndalama ya kaunjika, iwo yawo yonse ikuthera ku nyumba imene akumanga kumudzi kwawo, yomwe sanandifunse n'komwe. Kuwonjeza apo aneba anabwereka sikeloyo kuti ayezere ufa wa makeke, anabweza ili mbuu, mwinanso anaigwetsa.

Funso langa ndi ili. Ndimamuyezera nsima magalamu 250 masana, 250 usiku. Koma tsiku lina kamakina koyezera shuga m'magazi kamaonetsa 6, mawa lake 16, nsima yomweyomweyo. Sabata yatha pakati pa usiku anatsika mpaka 3.1, akunjenjemera, thukuta lili kamukamu. Sindinagone. Kodi magalamu oyenera mwana wa msinkhu umenewu ndi angati? Kapena sikeloyi yawonongeka? Ndichepetse nsima kapena ndiwonjezere jakisoni?

Mdala wa ku Kawale: Mayi, sikeloyo ikani m'kabati. Ine shuga ndakhala naye zaka zambiri ndipo sindinayezepo chakudya. Vuto lanu ndi UFA WOYERA basi. Mupatseni mgaiwa, m'mawa uliwonse supuni ya ufa wa cham'mwamba m'madzi ofunda. Makolo athu ankadya mgaiwa, sikelo anaidziwira kuti?

Namwino wopuma: Pepani mayi, usiku wotere ndi wowawa. Musanasinthe chilichonse tiuzeni: insulin yake ndi iti? Botolo lalembedwa chiyani, madzi ake ndi oyera mbee kapena otuwa? Amabaya kangati patsiku, mayunitsi angati? Popanda zimenezi palibe amene angakuuzeni za magalamu. Ndipo jakisoni musawonjezere nokha, makamaka poti watsikapo kale usiku.

Mayi a mapasa: Nkhani ya apongoziyo yandikhudza. Anga ankalowa m'khitchini mwanga kuvundukula mapoto ine ndili pomwepo. Ndinapirira mpaka ndinadwala BP. Achemwali, muwauze bambowo asankhe, moyo wa mwana kapena kusangalatsa mayi awo.

Achimwene a minibasi: Ngati sikeloyo ndi mtundu wa zija za ogula mbewu m'midzi ndiye mwana akudya magalamu 400 inu mukuwerenga 250 kkkkk

Mnyamata wa Type 1: Achimwene mukuseka koma kuyesa sikelo n'kosavuta. Amayi, ikani botolo lopanda kanthu pa sikelo, dinani batani lolembedwa tare kuti ibwerere pa 0, thiranimo madzi lita imodzi. Iyenera kuonetsa pafupifupi magalamu 1,000. Kapena ikanipo paketi ya shuga ya 1kg yosatsegula. Ikaonetsa zosiyana kwambiri yambani mwasintha mabatire. Iziikidwanso pamalo olimba osapendekeka, osati pamphasa. Batani lomwelo muzidina mukaika mbale, kuti mbaleyo isawerengedwe ngati chakudya.

Mdala wa ku Kawale: Mwana iwe ukuphunzitsa anthu kuyeza madzi pamene mwana wa eni akudwala? Ndanena kale, mgaiwa ndi cham'mwamba. Ine shuga wanga sapyola 8.

Mnyamata wa Type 1: Bambo, ndi ulemu wonse, inu mumabaya kapena mumamwa mapiritsi?

Mdala wa ku Kawale: Ndimamwa metformin. Koma shuga ndi shuga.

Namwino wopuma: Ayi bambo, si chimodzi. Inu thupi lanu likupangabe insulin, piritsi likungothandizira. Mwana amene wapezeka ali wamng'ono n'kuyamba kubaya nthawi yomweyo, kawirikawiri ndi Type 1, kapamba wake anasiya kupanga insulin. Palibe tsamba limene lingalowe m'malo mwa jakisoni ameneyo. Mgaiwa ndi wabwino, uli ndi gaga, koma sitachi yake siisiyana kwambiri ndi ya ufa woyera. Mtanda waukulu wa mgaiwa umakwezanso shuga.

NaBanda wa ku Leeds: Sisi, mwana wanga wamwamuna ali ndi vuto lomweli ndiye ndilembe motalika pang'ono. Sikelo imakuuzani kulemera kwa chakudya, siikuuzani sitachi imene ili m'chakudyacho, pamene insulin imalimbana ndi sitachi ndi shuga, osati kulemera. Pa nsima vuto lake ndi madzi. Lero mwaphika yolimba, mawa wina waphika yofewa, yonse mwayeza 250, koma yolimbayo ili ndi ufa wambiri. Ndiye 6 ndi 16 zikhoza kuchokera pamenepo.

Ine ndimachita chonchi. Ndimayeza ufa ndisanaphike. Pa magalamu 100 a ufa wa chimanga, pafupifupi 75 ndi sitachi. Tinene kuti mwapungula ufa magalamu 800 wa banja lonse, ndiye kuti mu poto muli sitachi pafupifupi 600. Mukaomola, yezani mitanda yonse pamodzi. Tinene yakwana 2,400. Ndiye kuti pa magalamu 100 alionse a nsima yanuyo pali sitachi 25, ndipo mtanda wa 250 uli ndi kupitirira 60 pang'ono. Mukatero kangapo mudzadziwa nsima ya dzanja lanu. Chofunika n'choti ufa ndi madzi zizikhala muyezo womwewo nthawi zonse, kapu yomweyo, poto yemweyo. Ngati n'kotheka muzimuphikira yake m'kapoto kakang'ono, ufa woyeza kale, muthana nazo masamu onsewa.

Mpunganso chimodzimodzi, wosaphika uli ndi pafupifupi 80 pa 100, wophika umatsika kufika cha m'ma 28 chifukwa wamwa madzi. Anthu ambiri amasokonezeka pamenepa, amatenga nambala ya pa paketi n'kuyezera chakudya chophika. Mbatata ili cha m'ma 20, nthochi yosenda cha m'ma 23, chinangwa n'chokwera kuposa mbatata, buledi ndi pafupifupi theka la kulemera kwake. Usipa, mazira, nyama, nkhwani, chisoso, musavutike n'kuyeza, sitachi yake njochepa. Nyemba zili nayo, muziziwerengera. Kuno ku UK akuluakulu a Type 1 amawatumiza ku maphunziro otchedwa DAFNE kukaphunzira zimenezi, kuti azisintha mayunitsi malinga ndi chakudya.

Mdala wa ku Kawale: Za ku UK zisiyeni ku UK komweko. Inu ana anu amavala timakina pamkono toonetsa shuga pafoni, kuno sitiripi imodzi munthu amaganiza kawiri asanaigwiritse ntchito. Mayi wa geni ya kaunjika aziphika mapoto awiri a nsima ndi makala ake ati? Masamu onsewo ndi a anthu okhuta.

NaBanda wa ku Leeds: Ankolo, ine ndinabadwira ku Mchinji, nsima ndimaphika ndi mthiko ngati wina aliyense. Sikelo ali nayo kale, ndikungowauza mmene ingawathandizire. Inu mwapereka chiyani kupatula cham'mwamba?

Mdala wa ku Kawale: NDAPEREKA ZIMENE ZIKUNDIGWIRIRA NTCHITO INE. Ana a masiku ano mukangokwera ndege basi akuluakulu tonse ndife mbuli.

Namwino wopuma: A NaBanda masamu anu ali bwino, koma samalani mbali yosintha mayunitsi. Ana ambiri kuno amapatsidwa insulin yosakaniza kale ngati Mixtard, kapena Actrapid pamodzi ndi Insulatard, kubaya m'mawa ndi madzulo pa mlingo wokhazikika. Mwana wotero sasintha jakisoni potengera mbale. Chakudya ndi chimene chimatsata jakisoni: sitachi yofanana, nthawi yofanana, tsiku lililonse, komanso kachakudya kapakati ndi kogonera. Akabaya madzulo n'kudya pang'ono kapena mochedwa, usiku amatsika. N'chifukwa chake ndikufunsabe, mayi, insulin yake ndi iti?

Ziwiya zotchipa Limbe: Masikelo a digito alipo atsopano, oyeza kuyambira 1g mpaka 5kg, timatumiza dziko lonse. Inbox.

Bambo a ku Balaka: Ndawerenga za cham'mwambazi mtima wandiwawa. Mng'ono wanga ankabaya bwinobwino. Anthu ena anamuuza kuti wachiritsidwa, ataye mabotolo, azimwa zitsamba. Sipanapite nthawi anayamba kusanza, ludzu losatha, kupuma mofulumira, m'kamwa mukununkha ngati zipatso zovunda. Tinamunyamula pa njinga yamoto atakomoka kale. Anatsitsimuka patapita masiku ali pa diripi. Madokotala anati magazi anadzaza asidi chifukwa chosowa insulin. Pempherani, imwani zimene mukufuna, koma jakisoni wa mwana musamukhudze.

Mdala wa ku Kawale: Ine sindinanene kuti asiye jakisoni. Werengani bwino. Ndati sikelo ndi yosafunika. Munthu amadya ndi maso, mtanda umodzi wapakati, basi.

Mayi a mapasa: Nonse mukukangana za ufa koma vuto lili poyera, ndi thobwa la apongozi. Muyeza bwanji chimene mwana wamwa inu kulibe?

Mnyamata wa Type 1: Apa Mayi a mapasa anena zoona. Thobwa lili ndi sitachi komanso ambiri amathira shuga, kapu imodzi yaikulu ikhoza kufikitsa munthu pa 16 nsima isanalowe n'komwe. Koma agogowo musawatenge ngati mdani. Anga ankachitanso zomwezo chifukwa ankaona kuti ndikuwonda. Anasintha atapita nane ku kiliniki n'kumva okha. Ndipo amayi, mtsikana wa zaka 13 akukula, njala imakhala yeniyeni. Mukamuchepetsera nsima kwambiri azidya mobisa, inu n'kumadabwa ndi manambala. Mufunseni modekha zimene amadya pa buleki. Ine ndinkagula mandasi osauza aliyense.

Aphunzitsi a netiboli: Kodi amasewera? Tsiku limene wathamanga kwambiri masana shuga amatha kutsika usiku, ngakhale wadya chimodzimodzi. Ndinali ndi mtsikana wotere mu timu yanga, ankayenda ndi maswiti m'thumba la yunifolomu. Komanso pa msinkhu umenewo, masiku oyandikira kumwezi manambala amasokonekera kwa atsikana ena.

Namwino wopuma: Za 3.1 zija tisaziiwale. Chilichonse chotsika pansi pa 3.9, kapena 70 ngati kamakina kanu kamawerenga manambala akuluakulu, mupatseni msanga shuga pafupifupi magalamu 15. Apa sikelo yanu ithandize: yezeranitu shuga wa 15g m'timapepala, tina ku chipinda chake, tina m'chikwama cha kusukulu. Musungunule m'madzi amwe, kapena theka la botolo la Fanta kapena Coca-Cola wa shuga. Dikirani mphindi 15, yezaninso, akakwera adye buledi kapena kanthu kena kokhalitsa. Ngati wakomoka musamuthire chakumwa m'kamwa, angatsamwe, mugonekeni cham'mbali n'kuthamangira kuchipatala. Muonenso pamene amabaya. Pakakhala zotupa zolimba pamimba kapena pantchafu, insulin imalowa mosadalirika, azisinthasintha malo. Insulin ya madzi otuwa muziigubuduza m'manja musanakoke.

Mdala wa ku Kawale: Mwaona? Mpaka Fanta. Mwana wa shuga mukumupatsa Fanta. Gulu lino latha.

Bambo a ku Balaka: Mdala, chonde khalani chete pang'ono. Metformin payokha siigwetsa munthu usiku ngati insulin, ndiye zimenezi simunazionepo.

Admin: Tilemekezane. Otsatsa malonda tichotsa makomenti anu.

Mayi a ku Nkhotakota: Poti mwatchula za insulin, kwathu kulibe firiji. Ine yanga ndimaika m'kabotolo kotseka bwino, n'kuika mu mtsuko wadothi wa mchenga wonyowa, pamthunzi. Nthawi yotentha ngati Okutobala ikakhala padzuwa imafooka, munthu umabaya koma shuga osatsika. Mwina ndi zimenezonso.

NaBanda wa ku Leeds: Sisi, gulani kabuku ka sukulu. Tsiku lililonse lembani nthawi, nambala ya shuga, mayunitsi amene wabaya, chakudya ndi magalamu ake, ngakhale za agogozo. Mukapite nako ku kiliniki, musadikire tsiku la pa kadi poti watsikapo usiku. Magalamu oyenera mwana wanu akakuuzani kumeneko ataona kulemera kwake ndi insulin yake, ife pano sitingathe.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse, ndawerenga. Ndayesa ndi paketi ya shuga yaonetsa 1,004 ndiye sikelo ilibe vuto, aneba ndinawaganizira pachabe. Za ufa ndiyamba mawa. Koma Mayi a mapasa mwalasa, dzulo lomweli ndapeza chigubu cha thobwa kuseri kwa thumba la makala. Ndawauza bambo ake, akuti ndikufuna kuthamangitsa mayi awo. Panopa sitikuyankhulana. Kodi ndiitane ankhoswe?

Mayi a mapasa: Itanani lero lomwe achemwali, musachedwe.

Namwino wopuma: Mayi, za ankhoswe muona. Tengani botolo la insulin, muwerenge dzina lake, mutilembere pano pamodzi ndi mayunitsi a madzulo. Ndafunsa katatu tsopano.

Mdala wa ku Kawale: Ankhoswe akabwera muwaphikire mgaiwa.