Ndabwerako kuphiri la madambo lija

Zikomo nonse amene munandiyankha sabata yatha, nditafunsa ngati n'kwanzeru kukwera phiri la madambo tsiku limene anena kuti kukhala mitambo yotsika. Tinapita Loweruka ndi mnzanga, ndipo tabwerako bwinobwino.

Ndinatsatira malangizo awiri: kunyamula mapu a pepala ndi kampasi m'malo modalira foni yokha, komanso kusavala zovala za thonje chifukwa zikanyowa siziuma msanga. Amene munanena za foni, munanena zoona. Titafika pamwamba chifunga chinatseka moti sitinkaona ngakhale mamita 20 kutsogolo, ndipo batire linatha msanga chifukwa cha kuzizira. Kampasi ndiyo inatitsitsa.

Koma chimene chinandivuta kwambiri ndi dambolo. Pamene pali ndere zobiriwira mowala, zosalala bwino ngati kapeti, pamenepo ndi pamene pamamiza. Ndinapondapo kamodzi, mwendo unalowa mpaka m'bondo, ndipo pouzula matope anatsala pang'ono kundilanda nsapato. Kuchokera pamenepo ndinkaponda pa matsinde olimba a udzu, ndikuyamba ndayesa ndi ndodo. Kuyenda kotere kumachedwetsa zedi. Makilomita 3 a m'dambo anatitengera pafupifupi maola 2.

Inu amene mukufuna kupita, ikani sokosi zouma m'pepala la pulasitiki. Nditasintha, mapazi anabwerera mwakale. Kumazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 aliwonse amene mwakwera, osawerengera mphepo ndi chinyezi, ndiye juzi musaisiye. Gwirizananinso nthawi yobwerera musananyamuke. Ife tinapangana 2 koloko masana, ndipo itakwana tinatembenuka, ngakhale nsonga yachiwiri inali isanafikidwe.