Kodi "wafooka" tizilemba chiyani m'Chingerezi?

Namwino wa kuwodi ya ana: Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Sabata yatha mayi wina anabwera ndi mwana wa miyezi 8 nati mwanayo wafooka, ndipo ine ndinalemba pafayilo kuti "weak". Adokotala atafika anandifunsa chifukwa chimene sindinalembere "lethargic", popeza mwanayo ankangoyang'ana kudenga osatsatira nkhope ya amake, ndipo tikamugwedeza ankatsegula maso pang'ono n'kugonanso. Mwanayo anachira, koma mtima wanga sunakhazikike, chifukwa liwu limodzi lokha likanamuchedwetsa kuonedwa.

Dokotala wa ana: Mayi, mwachita bwino kufunsa. Mawu awiriwa salemera mofanana. "Weak" amanena za mphamvu za thupi, ndipo mwana wotero amalira, amakuyang'anani ndiponso amakana jakisoni ngakhale manja ali lende. "Lethargic" amanena za kudzidziwa kwa mwanayo, ndipo ndi chimodzi mwa zizindikiro zoopsa za mu IMCI, ndondomeko yosamalira ana odwala imene mabungwe a WHO ndi UNICEF anakonza m'zaka za m'ma 1990, pamodzi ndi kukomoka, kusanza chilichonse, ndi kulephera kumwa kapena kuyamwa. Pali enanso awiri amene timawasokoneza: "drowsy" ndi wosinza amene amadzuka bwinobwino mukamuitana, pamene "tired" ndi wotopa basi. Mayi wa mwana akhoza kunena kuti "wafooka" pa zonse zinayi, ndipo sanalakwe. Udindo wosiyanitsa uli ndi ife olemba.

Womasulira odwala: Ndiloleni ndionjezerepo, chifukwa ine ndimaima pakati pa wodwala ndi madokotala ochokera kunja tsiku lililonse. Liwu limene limandivutitsa kwambiri ndi "sick". Dokotala wa ku Britain akafunsa kuti "do you feel sick", kawirikawiri amatanthauza nseru, ndipo "have you been sick" amatanthauza kusanza, pamene wa ku America amangotanthauza kudwala. Komanso wodwala akati ali ndi malungo, sindithamangira kunena "malaria" magazi asanayezedwe. Ndimayamba ndamufunsa ngati thupi likutentha kapena likuphwanya, kenako ndimasankha pakati pa "fever" ndi "body aches".

Namwino wamkulu: Zoona zimenezo, bambo. Ine nkhawa yanga ili pa "pale". Ophunzira ambiri akamva kuti wodwala watuwa amalemba liwu limeneli, chonsecho kutuwa nthawi zambiri ndi khungu louma chabe. Dokotala akawerenga "pale" amaganiza za kuchepa kwa magazi, ndipo pakhungu lathu lakuda zimenezi sizioneka pamasaya. Muzitsitsa chikope cham'munsi, muzitambasula chikhatho cha wodwalayo pafupi ndi chanu, muziyang'ananso lilime ndi zikhadabo, makamaka pamalo owala bwino. Ngati m'maso muli chikasu, liwu lake ndi "jaundiced", ndipo imeneyo ndi nkhani inanso.

Namwino wa kuwodi ya ana: Zikomo kwambiri nonsenu. Kuyambira lero ndizilemba kaye mawu a mayi monga awanenera, kenako zimene maso anga aona, monga kuti mwana sakutsatira nkhope kapena sakudzuka pomuitana, ndipo liwu lachingerezi lizibwera pambuyo. Bambo omasulira, chizungulire mumachinena bwanji?

Womasulira odwala: Ndimafunsa ngati zinthu zikuzungulira kapena akumva ngati akomoka akaimirira. Choyambacho ndi "vertigo", chachiwiricho ndi "light-headed", ndipo akalephera kusiyanitsa ndimanena "dizzy" n'kumuuza dokotala kuti afunsenso yekha.