Block ya madzi ya chipset ija ndamanga, zatheka

Zikomo nonse amene munandiyankha nditafunsa block (kachitsulo kodutsamo madzi kamene kamagona pa chip) yoyenera kuziziritsira chipset (chip ya pa motherboard yolumikiza zida za kompyuta) ndi madzi, kafani kake katanditopetsa ndi kulira ngati udzudzu.

Ndinamvera amene munati ndiyambe ndayeza mtunda wa pakati pa mabowo a masikuluwu pa motherboard. Ndinagula block ya universal (yokwana pa ma motherboard osiyanasiyana), ya kopa, ya mabowo a madzi a saizi ya G1/4 ofanana ndi a zida zina zonse zoyendamo madzi. Ya aluminiyamu ndinaisiya dala. Radiator yanga ndi ya kopa, ndipo zitsulo ziwirizi zikakhala m'madzi amodzi, aluminiyamu amadyeka pang'onopang'ono.

Koma za kutalika tonse tinaiwala! Chipset yanga ili kunsi kwenikweni kwa graphics card, moti ma fitting (tizitsulo tolumikizira mapaipi a madzi ku block) oongoka ankagunda khadiyo mpaka kukana kulowa. Ndinachita kuitanitsa okhota a madigiri 90 n'kudikiranso. Mpata umenewo yezani musanagule.

Masikuluwu mangani mosinthanasinthana, osakanikiza kwambiri, poti silikoni ya chipset yanga ili pamtunda, ilibe chivindikiro ngati CPU. Kenako ndinayendetsa pampu yokha maola 24, nditayala tishu pansi pa fitting iliyonse. Sipanadonthe ngakhale kadontho. Pano kompyuta ili zii.