Woponya mivi akumaliza nkhondo yekha, anzake angokhala: ndipange bwanji?

Mwai_DM

Abale, ndipatseniko nzeru. Ndimayendetsa Dungeons & Dragons (masewera a patebulo oyerekeza nkhani ndi madayisi), malamulo a 2014 aja, Loweruka lililonse masana pakhonde kwathu ku Chilomoni. Osewera alipo anayi. Mwezi watha onse anafika levulo 5, ndipo vuto linaonekera pomwepo.

Msuweni wanga ali ndi Fighter woponya mivi. Anasankha variant human kuti apeze feat (luso lapadera losankha) pa levulo 1, n'kutenga Sharpshooter, imene imawonjezera +10 pa mphamvu ya muvi. Pa levulo 4 anakweza Dexterity (changu cha thupi) kufika 18. Pano ndi Extra Attack akuponya kawiri, ndipo muvi uliwonse ukalasa ukuchotsa 15 kapena kuposerapo chifukwa cha +10 ija. Ma orc (adani m'masewerawa) a 15 HP (mlingo wa moyo) akugwa awiriawiri anzake asanagwire n'komwe dayisi.

Mlongo wanga wamng'ono ali ndi Rogue (wozemba mochenjera). Iye pa levulo 4 anatenga Actor, chifukwa chimene amakonda ndi kutsanzira mawu a anthu ndi kulowa m'nyumba za mafumu atadzisintha. Loweruka lapitali nkhondo itayamba, ndinamuona akutembenuza pepala lake n'kuyamba kujambula maluwa kuseri. Titamaliza anandifunsa motsitsa mawu kuti, "Achimwene, ndinasankha molakwika eti?" Zinandikhudza kwambiri, chifukwa ndine ndinamuuza kuti asankhe chimene mtima wake ukufuna.

Ndiletse Sharpshooter? Kapena ndimulole mlongo wanga asinthe feat yake?

Kondwani84

Achimwene, musamulande msuweni wanu chimene anasankha motsatira malamulo, mudzangodana. Sharpshooter ili ndi mtengo wake, ndi -5 pa kulasa, koma adani anu sakumulipiritsa. Tiwerengetse: Dexterity +4, proficiency +3, Archery +2, zonse +9. Akafuna +10 ija zimatsala +4. Pa orc wa AC 13 (nambala yoyenera kufika kuti umulase) akufunika 9 pa d20 (dayisi ya mbali 20), n'chifukwa chake sakuphonya kawirikawiri. Muikireni ma hobgoblin a AC 18. Pamenepo akufunika 14, kutanthauza mivi 7 yokha pa 20. Komanso hobgoblin ali ndi 11 HP basi, ndiye +10 ija yambiri imangotayika. Ayamba kuganiza asanaponye, ndipo Sneak Attack (kumenya mozemba) ya 3d6 (madayisi atatu a mbali 6) ya mlongo wanu iyamba kuoneka.

NaPhiri_Jozi

A Kondwani, masamu anu ndi olondola, koma sindikuvomereza kuti ndiwo mankhwala. Mtsikanayo sanadandaule kuti msuweni wake ndi wamphamvu. Wadandaula kuti zimene iye amakonda zilibe ntchito. Mukaumitsa adani, nkhondo zitalika, iye ajambula maluwa ambiri.

Muzu wa vutoli uli m'malamulo. Pa levulo 4, 8, 12, 16 ndi 19 munthu amagula kuchokera m'thumba limodzi: kaya +2 pa ability, kaya feat ya nkhondo, kaya feat ngati Actor. Wosankha zokometsera nkhani amalipira ndi mphamvu. Ife kuno ku Johannesburg timasewera Pathfinder yachiwiri, ya 2019 (masewera ofanana ndi amenewa), ndipo kumeneko matumba analekanitsidwa: class feat payokha, skill feat payokha, ancestry feat payokhanso. Palibe amene amataya luso la nkhondo kuti aphunzire kunamiza alonda.

Sindikuti musinthe masewera. Ingobwerekani nzeruyo. Muuzeni mlongo wanu kuti Actor akhale nayo mwaulere, atenge +2 ya Dexterity imene anaisiya. Atatu enawo muwapatsenso feat imodzi imodzi yosakhudza nkhondo, msuweni wanu yemwe. Palibe walandidwa kanthu. Ndipo ngati mungadzafune kukambirana za Sharpshooter, dziwani kuti m'malamulo a 2024 -5 ndi +10 ija anaichotsa. Koma zimenezo mudzagwirizane poyamba nkhani yatsopano, osati pakatikati.

Gogo_d20

Mwana wanga Mwai, XP (mapointi okwerera levulo) mumagawa bwanji? Ndikufunsa chifukwa kufika levulo 5 ndi 6,500 XP, ndipo ngati yonseyo inachokera pa kupha zilombo, osewera anu anaphunzira kalekale kuti chofunika pa tebulo lanu ndi uta.

M'malamulo a Basic a 1981 sankayesa n'komwe kulinganiza anthu pa levulo imodzi. Thief ankakwera levulo 2 ndi 1,200 XP, Fighter 2,000, Magic-User 2,500. Ndipo XP yambiri inkachokera ku chuma chimene mwatuluka nacho, ndalama imodzi ya golide XP imodzi. Wolowa mwakachetechete n'kutuluka ndi bokosi osamenya aliyense ankapindulitsa gulu lonse. Mlongo wanu akanakhala mfumukazi ya tebulo limenelo.

Mwai_DM

Agogo, mwalasa penipeni. Ndabwerera m'kope langa: XP yonse kuyambira tsiku loyamba ndi ya zilombo zakufa. Tsiku lina mlongo wanga anatsanzira mawu a kapitawo wa alonda mpaka chipata chinatsegulidwa popanda kukhetsa magazi, tonse tinaomba m'manja, koma sindinalembe XP ngakhale imodzi. Loweruka lapitali tinasewera maola anayi, atatu anali nkhondo.

A NaPhiri, nzeru yanu ya feat yaulere ndaitenga, ndiwauza onse anayi pamodzi tisanayambe kuti pasaoneke ngati ndikukondera m'bale wanga. A Kondwani, ma hobgoblin abwera, koma ndiwaika kulondera ndende imene mkulu wake amalamula ali kuseri kwa chitseko, alonda amangomva mawu ake osamuona nkhope. Gulu likadutsa osamenya, lilandira XP yofanana ndi ya kuwapha onse.

Chatsala chimodzi. Wizard wathu wangopeza Fireball (matsenga a moto opsereza adani ambiri nthawi imodzi) ya 8d6 ndipo sanaigwiritsebe ntchito. Amene munadutsa pamenepa, mumaika nkhondo zingati pakati pa long rest (kupuma kobwezeretsa mphamvu) imodzi ndi inzake kuti iyenso asadzamalize zonse yekha?